Kudwala Kuchilendo Ulibe Mapepala: Zimene Mayi Angamuuze Mwana Wake

Kuyambira pa Chitakale mpaka ku Limbuli n'kovuta kupeza mudzi umene ulibe mwana wake ku Joni. Ena adapita ndi pasipoti yabwinobwino, pa Beitbridge adawadindira masiku 30, masikuwo adatha, iwo n'kukhalabe. Ena adalowera njira zachidule. Ndalama akutumiza, nyumba zikufoleredwa ndi malata, fizi ya adzukulu ikulipidwa. Koma tsiku lina pa foni pamabwera uthenga wotere: "Amayi, ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi koma sikelo sindidayambe. Ndikuopa, mapepala anga adatha." Mwinanso ndi mnyamata amene wakhala akutsokomola miyezi iwiri, akungogula timapiritsi pa golosale chifukwa adamva kuti kuchipatala amagwira anthu.

Pa nthawi ngati imeneyi, zimene mayi ayankhe pa foni zimalemera kwambiri. Mukati, "Bisala mwanangu, angakugwire," mwanayo abisaladi, ndipo matenda akula. Mukati, "Pita mawa m'mawa, utenge chakuti ndi chakuti, akakubweza ukanene mawu akuti," mwamupatsa njira. Nkhani ino ikufotokoza zimene munthu wopanda mapepala angapeze kuchipatala ku South Africa, zimene sangapeze, za inshuwalansi, komanso za abale athu a ku Mozambique amene amabwera m'zipatala zathu kuno ku Mulanje.

Mapepala ndi nkhani ina, matenda ndi nkhani ina

Tiyambe ndi chilungamo. Kukhala m'dziko la eni popanda chilolezo ndi kulakwira lamulo la dzikolo. Mmalawi amaloledwa kulowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30 ngati mlendo wodzacheza, ndipo chilolezo chimenechi si chogwirira ntchito. Amene wapitirira masiku ake, potuluka amalembedwa kuti ndi wosafunika, ndipo amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi ngati adapitirira masiku osaposa 30, kapena kwa zaka zisanu ngati adapitirira kuposa pamenepo. Amene wagwidwa ndi apolisi kapena a zolowa ndi kutuluka akhoza kusungidwa ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, kudikira kuti abwezedwe kumudzi. Zimenezi ndi zoona, ndipo wofuna kupita ayenera kuzimva asanakwere basi pa Wenela.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ambiri amasokoneza. Kutha kwa masiku a mu pasipoti sikuchotsa ufulu wothandizidwa kuchipatala. Nkhani ya mapepala ili ndi ofesi yake ndi malamulo ake. Nkhani ya matenda ilinso ndi malamulo ake, ndipo malamulo amenewo sadalembedwere nzika zokha.

Zimene malamulo a South Africa akunena

Malamulo aakulu oyendetsera dzikolo, a chaka cha 1996, ali ndi gawo 27. Gawoli likunena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, kuphatikizapo cha uchembere, ndiponso kuti palibe munthu amene ayenera kumanidwa chithandizo pamene moyo wake uli pa ngozi mwadzidzidzi. M'magawo ena, monga a kuvota, malamulowo amatchula nzika. Apa akuti munthu aliyense. Gawo 28 likuwonjezera kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wolandira chithandizo choyambirira cha zaumoyo.

Lamulo la zaumoyo la 2003 lidatambasula zimenezi. Likunena kuti m'zipatala za boma amayi oyembekezera, amayi oyamwitsa ndi ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi azithandizidwa ulere ngati sali pa inshuwalansi ya chipatala. Likunenanso kuti chithandizo cha m'makiliniki aang'ono a m'madera chikhale chaulere. M'makiliniki amenewa ndi mmene muli sikelo, katemera, kuyeza magazi, ma ARV, mankhwala a chifuwa chachikulu, a BP ndi a shuga.

Zipatala zina za m'chigawo cha Gauteng, kumene kuli Johannesburg ndi Pretoria, zidayamba kulipiritsa amayi ochokera kunja asanachire. Bungwe la maloya la SECTION27 lidakamang'ala ku khoti, ndipo mu April 2023 khoti lalikulu la ku Johannesburg lidagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi azithandizidwa ulere m'zipatala zonse za boma, posayang'ana dziko lochokera kapena mapepala. Amene adapatulidwa ndi amene ali pa inshuwalansi ndi amene adalowa m'dzikomo ndi cholinga chongodzalandira chithandizo. Khotilo lidalamulanso kuti zipatala zikhome zikwangwani zodziwitsa anthu za ufulu umenewu.

Choncho mtsikana uja wa miyezi isanu ndi umodzi alibe chifukwa chodikirira. Lamulo lili kumbali yake, ndipo sabata iliyonse imene akuchedwa ndi sabata imene BP yake sikuyezedwa, magazi sakuonedwa, ndipo ngati ali ndi kachilombo ka HIV, mwana sakutetezedwa.

Nanga amene si woyembekezera?

Munthu wamkulu amene si woyembekezera kapena woyamwitsa amathandizidwa ulere ku kiliniki, koma akamutumiza ku chipatala chachikulu cha boma kumakhala kolipira. Nzika za dzikolo nazonso zimalipira, molingana ndi zimene munthu amapeza: wopeza zochepa amalipira zochepa. Ndondomeko ya boma ya mitengo ya m'zipatala imanena kuti anthu opanda mapepala ochokera m'maiko a SADC, ndipo Malawi ali momwemo, awerengeredwe mwa njira yomweyo. Komabe pali zipatala zimene zimawaika pa mtengo wapamwamba wa alendo. Wodwala akaona kuti bilu yakwera mosamveka, apemphe mwaulemu kuti amuyeze molingana ndi malipiro ake, afunse ngati angalipire pang'onopang'ono, ndipo asunge lisiti iliyonse.

Pa ngozi, monga kuvulala pa msewu, kubayidwa, kukomoka, kutaya magazi kapena matenda a uchembere atayamba, chipatala chilichonse, ngakhale cholipiritsa, chiyenera kuyamba chamuthandiza munthu kuti achoke pa ngozi. Za ndalama zimabwera pambuyo. Bilu ikhoza kubwera ndithu, koma ngongole imakambidwa munthu ali moyo. Ambulansi amaiitana pa 10177, kapena pa 112 pa foni ya m'manja. Manambala awiriwa mwana wanu awasunge pamtima.

Zimene zimachitika pa geti

Lamulo ndi lomveka, koma pa geti la chipatala zinthu sizikhala zosalala nthawi zonse. Anthu ena a ku South Africa amakhulupirira kuti alendo ndi amene akudzaza zipatala ndi kumaliza mankhwala. Mu August 2022 gulu lotchedwa Operation Dudula lidaima pa geti la chipatala cha Kalafong ku Pretoria n'kumabweza anthu amene limawaganizira kuti ndi ochokera kunja. Mu 2025 mchitidwewu udafalikira m'makiliniki ambiri a ku Johannesburg ndi ku Durban. Mu November 2025 khoti lalikulu la ku Johannesburg lidaletsa gululi kufunsa anthu mapasipoti ndi kutsekereza zipatala, ndipo lidanena kuti mphamvu yofunsa mapepala ili ndi apolisi ndi ogwira ntchito ya zolowa ndi kutuluka basi.

Palinso mfundo ina imene sitiyenera kubisa. Lamulo la zolowa ndi kutuluka la 2002 limauza maofesi a boma kuti azifufuza za mapepala a anthu amene akuwathandiza. Koma lamulo lomwelo limanena kuti zimenezi zisalepheretse munthu kulandira chithandizo chimene malamulo aakulu amamupatsa. Ntchito ya namwino ndi kuchiza, ndipo lamulo la zaumoyo limamulamula kusunga chinsinsi cha wodwala. Mantha a mwana wanu ali ndi pochokera, koma ayerekeze ndi zimene zingachitike akabereka yekha m'kachipinda ka malata, kapena akasiya ma ARV miyezi isanu.

Nazi zimene mungamulangize. Apite m'mawa kwambiri, ndipo asapite yekha. Atenge mnzake wodziwa Chingerezi kapena chilankhulo cha m'deralo. Atenge chilichonse chosonyeza dzina lake lenileni, kaya ndi pasipoti yotha masiku kapena chitupa cha unzika cha ku Malawi, pamodzi ndi kalata yosonyeza kumene akukhala. Akabwezedwa ndi mlonda kapena kalaliki, asakangane, koma apemphe kuonana ndi mkulu wa anamwino kapena woyang'anira chipatalacho. Alembe tsiku, nthawi ndi mawu amene wauzidwa. Ngati pa geti pali gulu la anthu olusa, achokepo ndi kupita ku kiliniki ina tsiku lomwelo. Pambuyo pake akadandaule ku mabungwe amene amathandiza ulere pa nkhani zotere: SECTION27, Lawyers for Human Rights, ndi bungwe la boma loona za ufulu wa anthu m'dzikomo. Mpingo wathu ulinso ndi malo ake: Jesuit Refugee Service ku Johannesburg, Scalabrini Centre ku Cape Town, ndi Bienvenu Shelter ku Johannesburg, nyumba imene masisitere a Scalabrini amasungirako amayi ndi ana othawa kwawo. Ngakhale pa parishi imene amapemphera akhoza kumulozera koyenera. Paja safunsa adadya phula.

Chimodzi chokha asachite: kubwereka chitupa kapena khadi la kuchipatala la munthu wina. Zimaoneka ngati nzeru, koma ndi msampha. Mu failo ya mwini khadi mudalembedwa gulu la magazi ake, matenda ake ndi mankhwala ake, ndipo dokotala akhulupirira zimenezo. Mayi akachira pa dzina la mnzake, pa mapepala mwanayo amakhala wa mnzakeyo, ndipo kukonza zimenezi ndi mlandu wautali. Ngati wodwalayo wamwalira, kalata ya imfa imatuluka m'dzina la munthu wamoyo, ndipo kubweretsa maliro kumudzi kumavuta koopsa.

Nkhani ya inshuwalansi

Amayi ambiri amafunsa kuti, "Popeza mwana wanga akulandira ndalama, bwanji osangolowa inshuwalansi ya chipatala?" Inshuwalansi ndi thumba limene anthu ambiri amaponyamo ndalama mwezi ndi mwezi, kuti amene wadwala alipiriridwe. Kuno kwathu ambiri adamvapo za MASM, imene kawirikawiri amalowa ndi anthu a pa ntchito zolembedwa. Ku South Africa inshuwalansi yotere amaitcha medical aid, ndipo amene ali nayo ndi anthu pafupifupi 9 miliyoni mwa anthu oposa 60 miliyoni. Ndiye kuti ngakhale eni dziko ambiri alibe, amadalira zipatala za boma.

Kwa munthu wopanda mapepala zitseko zake ndi zopapatiza. Polowa amafuna chitupa kapena pasipoti, ndipo kawirikawiri ndalama amadula ku akaunti ya kubanki, imene munthu wopanda chilolezo chokhalira m'dzikomo savutika pang'ono kuti atsegule. Ndalama ya pa mwezi ndi yaikulu poyerekeza ndi malipiro a wantchito wa m'nyumba, wa m'munda kapena wa pa shopu. Kuwonjezera apo, lamulo limalola makampaniwa kumudikiritsa munthu watsopano miyezi itatu asanayambe kumulipirira, ndi miyezi 12 pa matenda amene adalowa ali nawo kale. Pathupi pamawerengedwa m'gulu lomweli. Mayi amene walowa ali kale ndi pakati asayembekezere kuti inshuwalansiyo idzalipira pochira.

Palinso timainshuwalansi totchipa timene timalengezedwa pa Facebook ndi m'mapepala ogawidwa m'misewu. Tina n'toona, koma timangolipira kuonana ndi dokotala kangapo pa chaka, kapena timapereka kandalama pa tsiku lililonse limene munthu wagonekedwa. Tina n'takuba. Asanalipire kalikonse afunse mafunso atatu ndipo mayankho ake awaone olembedwa: kodi mumalandira munthu amene pasipoti yake idatha masiku? Kodi mumalipira chiyani, ndipo simulipira chiyani? Kodi ndidikira miyezi ingati? Kunama pa fomu n'kutaya ndalama, chifukwa kampani ikadzazindikira bodzalo idzakana kulipira pa tsiku lenileni la mavuto.

Mwina mudamvanso za inshuwalansi ya boma ya dziko lonse, yotchedwa NHI, imene Pulezidenti Cyril Ramaphosa adasainira pa 15 May 2024. Lamuloli silidayambe kugwira ntchito mokwanira ndipo likutsutsidwa m'makhoti. Koma zimene lidalemba n'zofunika kuzidziwa: munthu wamkulu wopanda mapepala adzathandizidwa pa ngozi zadzidzidzi ndi pa matenda opatsirana amene boma limawalondoloza, pamene ana onse adzalandira chithandizo choyambirira. Izi zikusonyeza kuti mtsogolomu khomo likhoza kuchepa, osati kukula.

Maiko amasiyana pa nkhaniyi. France ili ndi thumba la boma lolipirira odwala opanda mapepala kuyambira mu 2000. Thailand imagulitsa khadi la inshuwalansi kwa anthu obwera. Ku America lamulo la 1986 limakakamiza zipatala kuthandiza aliyense pa ngozi, koma inshuwalansi ya boma lalikulu ndi yotsekeka kwa opanda mapepala. Amene ali ndi mbale kunja afunse lamulo la dziko limene mbaleyo ali, asangoganiza kuti ndi chimodzimodzi kulikonse.

Inshuwalansi imene ana athu ambiri angaikwanitse ndi imene ife tikuidziwa kale: kusonkherana. Amalawi ambiri ku Joni ali m'magulu a anthu ochokera dera limodzi, osonkha za maliro. Magulu amenewa ndi abwino, koma ndi bwino kuti mukhalenso thumba la matenda, kuti munthu athandizidwe akadali moyo. Ndipo ife kuno, pa ndalama iliyonse imene yabwera, tizipatulako pang'ono n'kusunga ku banki m'khonde kapena pa foni, tikudziwa kuti iyi ndi ya basi yobwerera ngati mwana atadwala.

Pamene chithandizo chimathera

Pali matenda amene wopanda mapepala amavutika nawo kwambiri: amene amafuna chithandizo chodula cha nthawi yaitali. Chitsanzo ndi matenda a impso ofuna makina osefa magazi sabata iliyonse. Mu 1997, pa mlandu wa Soobramoney, khoti loona za malamulo aakulu a South Africa lidagamula kuti matenda okhalitsa otere sali m'gulu la ngozi zadzidzidzi, ndipo chipatala chikhoza kusankha oti chiwathandize molingana ndi makina amene chili nawo. Wodandaulayo adali nzika ya dzikolo. Ngati zidatero kwa nzika, mlendo wopanda mapepala amakhala kumapeto kwenikweni kwa mzere. Matenda a khansa nawonso akhoza kubweretsa mabilu amene munthu wa ganyu sangathe.

Apa mpamene banja liyenera kukambirana msanga za kubwerera kumudzi. Ambiri amachedwa chifukwa cha manyazi, poganiza kuti anthu akaseka kuti wabwera chimanjamanja. Amanyamuka atafooka, ndipo ulendo wa basi wodzera ku Zimbabwe ndi ku Tete mpaka pa Mwanza ndi wa masiku awiri kapena kuposa. Mayi ndi amene angachotse manyazi amenewa ndi mawu amodzi: "Bwera mwanangu, pakhomo pano ndi pako." Amene alibe pasipoti akhoza kupempha chikalata chapadera choyendera ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku Johannesburg. Asananyamuke apemphe kalata ya dokotala yofotokoza matenda ndi mankhwala amene walandira, ndi mankhwala okwanira pa njira. Akafika, asathe masabata ali m'nyumba. Apite ndi kalatayo ku chipatala cha boma cha Mulanje, kumene angatumizidwe ku Queen Elizabeth ku Blantyre ngati pakufunika kutero.

Asananyamuke

Zambiri zimakonzeka munthu asanachoke kuno. Buku la kuchipatala lija, limene timalisunga m'chikwama pamodzi ndi khadi la ubatizo, ndi chuma kuchilendo. Dokotala wa ku Durban akhoza kuwerenga zimene adalemba wa ku Mulanje. Wopita atenge bukulo, ndipo masamba ake awajambule pa foni, zithunzi zina atumize kwa mbale wotsala.

Amene ali pa ma ARV asanyamuke mobisa. Akauze a ku kiliniki kuti akuchoka, apemphe kalata yosamukira, ndipo afunse ngati angapatsidwe mankhwala a miyezi ingapo, pakuti amene akumwa mokhulupirika amatha kulandira mpaka a miyezi isanu ndi umodzi. Mankhwala amene ambiri akumwa kuno, a mphamvu zitatu m'piritsi limodzi, ndi omwewo amene akuperekedwa m'makiliniki a boma ku South Africa. Choncho palibe chifukwa chodalira botolo lotumizidwa pa basi mwezi ndi mwezi. Basi ikachedwa, mankhwala amadukiza, ndipo munthu womwera botolo lotumizidwa sayezedwa kuchuluka kwa kachilombo m'magazi. Akafika, akalembetse ku kiliniki ya pafupi mankhwala asanathe.

Amene ali pa mankhwala a chifuwa chachikulu ndi bwino amalize miyezi yake isanu ndi umodzi asanayende. Kusiyira pa njira kumabweretsa chifuwa chosamva mankhwala, chimene kuchiza kwake n'kovuta. A BP, a shuga ndi a khunyu alembetse maina a mankhwala awo momveka bwino. Mwana wamng'ono apite ndi buku lake la sikelo.

Mdzukulu wobadwira kuchilendo

Mwana wobadwira ku South Africa kwa makolo achimalawi opanda mapepala sakhala nzika ya dzikolo chifukwa chongobadwirako. Ndi Mmalawi kudzera mwa makolo ake, koma pafunika umboni. Mayi asatuluke m'chipatala popanda kalata yosonyeza kuti mwana wabadwira pamenepo, ndiponso buku la sikelo la kumeneko, lotchedwa Road to Health. Aonetsetse kuti dzina lake lalembedwa monga lilili pa chitupa chake. Lamulo la kumeneko limati kubadwa kwa mwana kulembetsedwe pasanathe masiku 30, ndipo makolo opanda mapepala amavutika pa ofesi. Mabungwe tawatchula aja amathandizanso pa zimenezi. Agogo amene mwalandira mdzukulu wochokera ku Joni, funsani mapepala awiriwa tsiku lomwelo. Mudzawafuna pomulembetsa ku ofesi ya kalembera ya NRB, ndipo buku la sikelo lidzathandiza alangizi a zaumoyo kudziwa katemera amene watsala.

Alendo a pakhomo pathu

Tsopano titembenuke tione kwathu kuno. Zimene mwana wathu amaopa pa geti la ku Johannesburg, mayi wina wa ku Milange amaziopanso akamaoloka Muloza ndi mwana wotentha thupi kumbuyo. Anthu a tsidya lija amabwera ku msika wa Limbuli, ku maganyu, ku maliro, ndiponso ku zipatala zathu, chifukwa kwa ambiri a iwo chipatala cha pafupi chili mbali ya Malawi. Ena adakwatira kuno ndipo akhala pa chikamwini zaka zambiri opanda chitupa chilichonse.

Madandaulo timawamva pa mzere: mankhwala ndi ochepa, anamwino ndi ochepa, alendo akutithera zathu. Kuchepa kwa mankhwala ndi koona, ndipo chiyambire kalembera wa unzika wa 2017 nkhani yoti chitupa chizifunsidwa m'zipatala yakhala ikukambidwa. Koma tikumbukire zinthu zitatu.

Choyamba, mbiri yathu. Mabanja ambiri a Chilomwe kuno ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Phalombe adachokera tsidya lomwelo, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kuthawa nkhanza za atsamunda a Chipwitikizi ndi kudzagwira ntchito m'minda ya azungu. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 October 1992, Malawi adasunga anthu othawa kwawo okwana pafupifupi miliyoni imodzi. Agogo a ambiri a ife adaoloka mtsinje womwewu opanda pepala m'manja.

Chachiwiri, matenda sadziwa malire. Poliyo atapezeka ku Lilongwe mu February 2022, adapezekanso ku Tete patangopita miyezi yochepa, ndipo maiko onse awiri adachita kutemera ana nthawi imodzi. Kolera wa 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo adavutanso ku Mozambique. Namondwe wa Freddy mu March 2023 adagumula mbali zonse ziwiri. Mwana wa ku Milange amene sadalandire katemera wa chikuku amasewera ndi adzukulu athu pa tsiku la msika. Kumuthandiza iye ndi kuteteza athu omwe.

Chachitatu, mantha amabala bodza. Mlendo woopa kubwezedwa amatchula mudzi wa kuno umene sakhalako. Akapezeka ndi chifuwa chachikulu kapena kolera, alangizi a zaumoyo amakamufuna kumene kulibe, ndipo a pabanja pake sayezedwa. Chipatala nachonso chimalephera kusonyeza akuluakulu kuchuluka kwenikweni kwa anthu a tsidya lina amene chikuwathandiza. Mlendo akalandiridwa bwino amanena zoona, ndipo zoonazo zimathandiza tonse. Malamulo aakulu a dziko lathu, pa gawo 20, amaletsa kusala munthu chifukwa cha kumene adachokera.

Ndi bwinonso kumufotokozera mlendo kusiyana kwa zipatala zathu. Za boma, monga chipatala chachikulu cha pa boma ndi chaching'ono cha Muloza, sizilipiritsa. Za mishoni za pansi pa CHAM, monga Mulanje Mission ya mpingo wa CCAP ndi Holy Family ku Phalombe, zimalipiritsa, ngakhale kuti pa chithandizo china, makamaka cha amayi oyembekezera, zimakhala ndi mgwirizano ndi boma kuti anthu a m'dera lozungulira asalipire. Afunse pofika kuti adziwe chimene chikumukhudza.

Zimene bungwe lathu lingachite

Pa msonkhano wa mwezi uno, amayi a mphakati uliwonse atchulane mabanja amene ali ndi ana kunja, ndipo pakhale mayi mmodzi wodziwa kuwerenga bwino amene azisunga nkhani ino ndi maina a mabungwe othandiza. Wachinyamata akamatsanzika, amayi awiri akamuchezere ndi kumufunsa mwachinsinsi za buku la kuchipatala, za mankhwala, ndi za munthu amene adzamuperekeze akadzadwala. Ku banki m'khonde tikambirane zokhala ndi kathumba ka matenda kosiyana ndi ka ngongole. Wobwera kuchokera ku Joni akudwala timuyendere sabata yoyamba ndi kumuperekeza kuchipatala, osayamba ndi kumufunsa zimene wabweretsa. Mkamwini kapena mtengwa wa ku Mozambique amene ana ake sadalembetsedwe timuperekeze kwa amfumu ndi ku ofesi ya kalembera, pakuti mwana wa Mmalawi ali ndi ufulu wolembedwa.

Ndipo pa mzere wa sikelo, mukamva wina akunyoza mayi wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chipwitikizi, musunthe pang'ono pa benchi kuti akhale. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku lomwelo mwana wanu akhoza kukhala ali pa benchi ina ku Johannesburg, buku la ku Mulanje lili m'manja, akudikira kuti amuitane dzina.